Bokosi la aluminiyamu silingaletse kompyuta kupsa

Mwana wa mlongo wanga amakhala ku Unit K, ku Seke, ndipo amadyera kujambula mavidiyo a maukwati, maliro ndi misonkhano ya mpingo. Tsiku lina anandipeza pa Makoni, foni ili m'manja, nkhope ili mwee. "Malume, taonani bokosi ili. Ndi la aluminiyamu yekhayekha. Akuti kompyuta ikakhala umu sitentha." Chinalidi chinthu chokongola, chotuwa ndiponso chosalala ngati poto watsopano. Nditamufunsa kuti nanga power supply wasankha iti, anayankha mosalabadira: "Imeneyo ndikagula iliyonse m'tauni, bola palembedwe 600."

Yankho limeneli ndi limene landikhazika pansi kuti ndilembe. Anyamata ndi atsikana onga iyeyu alipo ambiri ku Seke, ku Zengeza ndi ku St Mary's, ena mwa iwo zidzukulu za makolo amene anachoka ku Malawi, ku Tete ndi ku Chipata kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. M'tauni ino ya Chitungwiza, imene Alick Macheso anatchukiramo, zipinda zambiri zogona zasanduka malo ojambulira nyimbo, okonzera mavidiyo ndi osindikizira makadi a ukwati. Kwa anthu amenewa kompyuta ndi khasu. Ikafa, pakhomo pagona njala. Ndipo chimene chimaipha kawirikawiri si bokosi limene tonse timaliona, koma kabokosi kena kobisika mkati, kamene kamalandira magetsi a pakhoma n'kuwagawira ziwalo zonse. Kabokosi kameneka ndiye power supply.

Tiyambe ndi aluminiyamuyo, popeza ndiye wakopa maso. Si mlendo m'nyumba zathu. Ndi yemwe uja wa mapoto opepuka, owiritsa madzi msanga, koma opindika akangogwa pa simenti. Makhalidwe omwewo amapita nawo ku bokosi la kompyuta. Mukatenga zidutswa ziwiri zofanana kukula, cha chitsulo chimalemera pafupifupi katatu kuposa cha aluminiyamu. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira lija. Ndi wokwera mtengo chifukwa kumupanga kumadya magetsi koopsa: kilogalamu imodzi imafuna mayunitsi pafupifupi 14. N'chifukwa chake mafakitale ake, monga Mozal imene inayamba ntchito m'chaka cha 2000 kufupi ndi Maputo, amamangidwa poyang'ana kumene kuli magetsi ochuluka, pamene miyala yopangira aluminiyamu ya pa phiri la Mulanje, yodziwika kuyambira kalekale, idakali pomwepo.

Pa nkhani ya makompyuta, dzina limene linatchukitsa mabokosi otere ndi Lian Li, kampani ya ku Taiwan imene inayamba mu 1983. Pambuyo pake kunabwera SilverStone mu 2003, chaka chomwecho chimene Apple inatulutsa Power Mac G5 ya thupi la aluminiyamu lobowolabowola kutsogolo. Kuyambira nthawi imeneyo anthu anaika m'mutu kuti kompyuta yapamwamba imavala aluminiyamu, ndipo kuti imazizira chifukwa cha iyeyo.

Mfundo yachiwiriyi ndi imene ndikukana. N'zoona kuti kutentha kumayenda msanga mwa aluminiyamu kuposa m'chitsulo, koma kuti kuyende pafunika kukhudzana. Poto amawiritsa madzi chifukwa wakhala pamoto. Mukamupachika kukhoma la khitchini saphika kanthu. Mu kompyuta, zimene zimatentha kwambiri ndi processor ndi graphics card, ndipo zonsezi sizikhudza makoma a bokosi. Kutentha kwake kumalowa m'zipsepse zomangidwa pamwamba pake, fani n'kukukankhira mumpweya, mpweyawo n'kutuluka panja. Choncho funso lenileni ndi lakuti mpweya ukulowera pati ndipo ukutulukira pati. Khitchini yopanda zenera imadzaza utsi, kaya yafoleredwa ndi udzu kaya ndi malata. Bokosi lachitsulo wamba lokhala ndi timabowo tambiri kutsogolo ndi mafani awiri kapena atatu limaziziritsa bwino kuposa la aluminiyamu lotsekeka kutsogolo konse, ndipo kusiyana kumeneku mudzakumva ndi dzanja mu Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo.

Sindikunena kuti aluminiyamu ndi kutaya ndalama. Munthu amene amanyamula kompyuta yake pakombi kupita nayo ku ukwati kapena ku tchalitchi Lamlungu lililonse adzathokoza kupepuka kwake. Mabokosi okwera mtengowa amakhalanso odulidwa bwino, opanda m'mphepete mocheka zala, ndipo limodzi lingathe kusunga makompyuta atatu motsatizana zaka zikamapita, chifukwa muyezo wa ATX umene Intel inakhazikitsa mu 1995 ukugwirabe ntchito mpaka lero. Zimenezi ndi zifukwa zomveka. Za dzimbiri zingavutitse munthu wa ku Beira, kumene mphepo ya kunyanja ili ndi mchere. Kuno ku Seke bokosi lachitsulo lopaka penti limakalamba osachita dzimbiri, pokhapokha denga likudontha.

Ngati mwatsimikiza mtima, pitani kogula mutatenga zinthu ziwiri m'thumba: maginito ndi tepi yoyezera. Maginito a mu sipika yakufa akwanira. Amakakamira pa chitsulo, koma pa aluminiyamu amagwa. Mabokosi ambiri otchedwa a aluminiyamu ali naye kutsogolo kokha, mafupa onse ndi chitsulo. Si chinyengo nthawi zonse, ndipo bokosi lotere limakhala lolimba ndithu, koma musalipire mtengo wa aluminiyamu yense. Kenako gogodani khoma lake ndi chala. Aluminiyamu wopyapyala, wa milimita imodzi, amanjenjemera mafani ndi hard drive zikamazungulira, ndipo kulira kumeneko kumalowa mu maikolofoni ya wojambula nyimbo. Wa mamilimita 1.5 kapena 2 ndiye amakhala chete. Onaninso ngati kutsogolo ndi pansi kuli tisefa ta fumbi totheka kusolola popanda kumasula kanthu. Amene anakhalako ku Chitungwiza mu Ogasiti ndi Seputembala, mphepo ikamanyamula dothi la m'misewu n'kulilowetsa m'nyumba, sangafunse chifukwa chake.

Tepi ija ndi yoyezera ngati katundu wanu alowa. Motherboard ya ATX ndi mamilimita 305 kwa 244, ya microATX ndi 244 mbali zonse, ya mini-ITX ndi 170 mbali zonse. Yaing'ono imalowa m'bokosi lalikulu, yaikulu silowa m'laling'ono. Yezani utali wa graphics card ndi msinkhu wa choziziritsira processor. Yezaninso malo a power supply: ya ATX imakhala mamilimita 150 m'lifupi ndi 86 msinkhu, koma utali umasiyana, kuyambira 140 mpaka kupitirira 180, ndipo kumbuyo kwake kumafunika mpata woti mawaya apindike. Timabokosi tating'ono tokongola ta aluminiyamu tambiri timafuna power supply ya mtundu wa SFX, yocheperapo, imene ndi yovuta kupeza msanga yanu ikafa. Bokosi lochokera ku Johannesburg kudzera pa Beitbridge litsegulidwe pamaso pa amene walibweretsa, chifukwa aluminiyamu akapindika paulendo chitseko chake sichitsekekanso bwino.

Pali msampha wina umene wagwira ambiri kuno. Makompyuta ochuluka amene tili nawo ndi a kaunjika, a Dell ndi HP, amene anagwirapo ntchito m'maofesi a kunja. Ndi makina abwino, otsika mtengo. Koma ambiri mwa iwo, makamaka aang'onoang'ono aja, ali ndi motherboard ndi power supply zopangidwira bokosi lawo lokha: mabowo a masikuluwu ali pena, ndipo polowera magetsi pali mapini 6 kapena 8 m'malo mwa 24. Munthu amagula bokosi latsopano kuti asamutsiremo Dell OptiPlex yake, akafika kunyumba n'kupeza palibe chikugwirizana. Safunsa anadya phula. Tsegulani kompyuta yanu muone musanatulutse ndalama.

Tsopano tifike pa kabokosi kaja. Ntchito yake ndi kutenga magetsi a pakhoma, a mavoti 220 mpaka 240, n'kuwatsitsa kukhala 12, 5 ndi 3.3, osadumphadumpha. Chilichonse mu kompyuta chimamwa pa chitsime chimenechi, ndipo madzi ake akaipa onse amadwala. Power supply yabwino ikaona kuti zinthu zasokonekera imadzithimitsa yokha. Pa katoni yake pamalembedwa zilembo monga OVP, OCP, OPP ndi SCP, zotanthauza chitetezo ku mavoti opyola muyezo, kukoka mphamvu mopitirira ndi kugundana kwa mawaya. Yotchipa yopanda dzina ikamafa imapita ndi anzake: motherboard, graphics card, ndi hard drive imene muli ukwati wa eni ake umene simunapereke. Ukwati sachita kawiri kuti mujambulenso.

Nambala yaikulu yolembedwa pambali isakunamizeni, chifukwa chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Werengani timizere ting'onoting'ono ta pa chikalata chomatidwa pa power supply, mupeze pamene palembedwa +12V, chifukwa processor ndi graphics card zimadya pamenepo. Pansi pake pali nambala yothera ndi chilembo A. Ichulukitseni ndi 12. Mwachitsanzo, ngati palembedwa 18A, mphamvu yeniyeni ndi mawati 216, ngakhale pamwamba patalembedwa 600 ndi zilembo zofiira. Ya mawati 550 yoona imapereka pafupifupi onsewo pa +12V, ndiye kuti 45A kapena kufupi ndi pamenepo. Inyamuleninso m'manja. Yopepuka ngati chitini chopanda kanthu ndi yoti muibwezere pa shelefu.

Nanga pafunika mawati angati? Si ochuluka monga ambiri amaganizira. Kompyuta ya muofesi yopanda graphics card yapadera imakhutira ndi power supply yabwino ya 400 kapena 450, ndipo sifika n'komwe theka lake. Khadi ngati RTX 3060 imadya mawati 170 ndipo Nvidia imalangiza power supply ya 550. Zilombo zonga RTX 4090, zodya mawati 450 pazokha, ndi zimene zimafuna 850. Ya 550 yochokera ku kampani yodziwika, monga Seasonic, Corsair, FSP kapena Cooler Master, yokhala ndi chitsimikizo cha zaka zingapo ndi lisiti, imaposa kutali ya 800 yosadziwika kwawo.

Mudzaonanso chizindikiro cha 80 PLUS, chimene chinayamba mu 2004. Chimanena kuti pa magetsi amene power supply yakoka pakhoma, osachepera 80 pa 100 alionse amafikadi mu kompyuta, otsalawo amasanduka kutentha. Bronze imaposa pamenepo pang'ono, Gold imafika cha m'ma 90. Tiwerengere limodzi. Kompyuta yofuna mawati 300 imakoka 375 pakhoma ngati power supply ili pa 80, koma 333 okha ngati ili pa 90. Kusiyana kwa mawati 42, pa maola 8 tsiku lililonse, ndi mayunitsi 10 pamwezi pa mita yanu. Kwa amene akuyendetsa ntchito pa sola ndi batire, mawati amenewo ndi mphindi zoti amalize ntchito usiku. Koma chizindikirochi chimayeza kusawononga magetsi basi. Sichilonjeza kuti zamkati ndi zolimba.

Chifukwa chimene ndikulimbikira chonchi ndi magetsi a kwathu kuno. Tonse tikukumbuka 2019, madzi atachepa ku Kariba, pamene magetsi ankathima mpaka maola 18 patsiku ndipo anthu ankadzuka pakati pa usiku kusita ndi kutchaja mafoni. Mu Novembala 2022 bungwe la Zambezi River Authority linauza a ku Kariba South kuti madzi a gawo lawo atha. Makina awiri atsopano a ku Hwange, a nambala 7 ndi 8, anawonjezera mamegawati 600 mu 2023 ndipo zinapepukako, koma chilala cha 2024 chinatibwezeranso mumdima. Kompyuta ya ku Seke imathimitsidwa mwadzidzidzi ndi kuyatsidwanso kambirimbiri pachaka, kuposa ya munthu wa ku London amene malangizo ambiri a pa intaneti amalembera. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene magetsi akubwerera, mafiriji, mapampu a zitsime ndi makina owotcherera zitsulo a m'dera lonse akamadzuka nthawi imodzi. Onjezanipo ziphaliwali za dzinja, kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndi majenereta aang'ono amene mphamvu yake imakwera ndi kutsika.

Choncho pa bajeti yanu payenera kukhala UPS, ngakhale yaing'ono yongokupatsani mphindi zosungira ntchito ndi kuthimitsa bwinobwino. Ma power supply amakono ambiri, aja olembedwa 100 mpaka 240V, amagwirizana bwino ndi UPS kapena inverter ya pure sine wave. Pa ma UPS ndi ma inverter otchipa ena amalira, ena amangothima magetsi akangochoka, ndiye funsani musanagule. Mu BIOS muli posankha chimene kompyuta ichite magetsi akabwerera. Sankhani kuti ikhale yothima mpaka mutaiyatsa nokha patapita mphindi zingapo. Mvula ya mabingu ikayandikira, zulani pulagi kukhoma pamodzi ndi waya wa intaneti. Palibe kachipangizo ka m'sitolo kamene kangaimitse mphenzi yogwa pafupi.

Ndipo pali waya wachitatu, wa earth, umene ambiri timaupeputsa. Mwina munagwirapo bokosi la kompyuta muli osavala nsapato pa simenti n'kumva kunyerenyetsa m'zala. Si ufiti ndipo si vuto la bokosi. Power supply iliyonse imataya timagetsi tochepa m'thupi lake, ndipo timayenera kutsika ndi waya wa earth. Waya ameneyu akasowa, timadikira dzanja lanu. Tsiku limene chinthu chidzaduke mkati, sikudzakhalanso kunyerenyetsa koma ngozi yeniyeni, ndipo bokosi lonse lazitsulo, la aluminiyamu kapena ayi, lidzakhala ndi moto. M'zipinda zambiri zalendi, makamaka zowonjezera kuseri kwa nyumba, magetsi amafika ndi waya wa mitsempha iwiri. Enanso timakakamiza pulagi ya mano awiri mu soketi ya mano atatu potsegula ndi kamtengo ka machesi, kapena kulumikiza pulagi ya ku South Africa ya mano obulungira kudzera pa adaputala yogwedera. Gulani chingwe chonga cha ketulo chokhala ndi pulagi ya mano atatu a makona ndi fyuzi yake, ndipo muitane wamagetsi wodziwa ntchito ayeze soketi. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa bokosi lija.

Kumanga power supply m'bokosi si ntchito yovuta, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Zulani chingwe kukhoma, dinizani batani loyatsira kamodzi kuti magetsi otsalira atuluke, ndipo gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze motherboard, makamaka m'miyezi youma ya Juni ndi Julayi pamene juzi imathetheka mukamavula. Ngati power supply ndi yakale ndipo ili ndi kabatani kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230, onetsetsani kuti pakuoneka 230. Zochokera ku America zimabwera zili pa 115, ndipo zikalawa magetsi athu zimaphulika nthawi yomweyo. Power supply yeniyeniyo musaitsegule, ngakhale itafa. Mkati mwake mumatsala magetsi okwanira kuvulaza munthu ngakhale pulagi itazulidwa.

Ngati ndi ya mawaya ochita kulumikiza, lumikizani amene mukufuna isanalowe m'bokosi, chifukwa ikalowa zala sizifikako. Ndipo gwiritsani ntchito mawaya amene anabwera nayo okha. Apa ndiye pamene anthu odziwa kale amapsera: waya wa kampani ina amalowa bwinobwino pa bowo, koma mkati mitsempha yake inayalidwa mosiyana, ndipo amatha kutumiza mavoti 12 kumene kumafunika 5. Ma hard drive onse amapsa kamodzi.

M'mabokosi ambiri amakono power supply imakhala pansi, kumbuyo. Ngati pansi pa bokosi pali timabowo ndi kasefa, fani iyang'ane pansi kuti izikoka mpweya wozizira wa panja. Koma izi zimafuna kuti bokosi liime ndi miyendo yake pamalo olimba, osati pa kapeti, pa mphasa kapena pa bedi. Kuliika pa tebulo n'kwabwino koposa, chifukwa fumbi ndi madzi okolopera zimakhala pansi. Ngati pansi pa bokosi n'potseka, fani iyang'ane m'mwamba. Mabokosi ena a aluminiyamu, monga akale a Lian Li, ali ndi kachitsulo kochotseka kumbuyo: mumayamba mwakamangirira ku power supply panja, kenako n'kulowetsa zonse kuchokera kumbuyo.

Masikuluwu ake ndi anayi, a mano akuluakulu otchedwa 6-32, osati a mano aang'ono a M3 omangira SSD. Yambani lililonse ndi zala, onse anayi alowe pang'ono, kenako muzimange mosinthanasinthana. Paliponse pamene sikuluwu ikulowa mwa aluminiyamu, lekani ikangogwira. Sikuluwu ndi yachitsulo, aluminiyamu ndi wofewa. Mukawonjezera mphamvu mano a bowo amadyeka ndipo sabwereranso. Pansi pa motherboard pamakhala timiyendo tamkuwa. Tikhale pokhapo pamene motherboard ili ndi bowo, chifukwa kamodzi kotsalira pamalo olakwika kamagunda mizere ya magetsi ya pansi pake.

Waya wamkulu wa mapini 24 umalowa mpaka kachingwe kake kogwirira katalira kuti "tha". Gwirizani motherboard ndi chala kuseri kuti isapindike. Wa processor uli ndi mapini 8 ogawika 4 ndi 4, ndipo ndi bwino kuudutsa kuseri msanga chifukwa pakona pake m'pothina. Wa graphics card ulinso ndi mapini 8, koma ogawika 6 ndi 2. Amafanana pamaso koma si amodzi, ndipo waya umene ukukana kulowa ukukuuzani zoona, musaukakamize. Makhadi atsopano a pulagi ya mapini 16, imene inabwera mu 2022, amafuna kuti ilowe yonse popanda kampata, chifukwa yolowa theka imatentha mpaka kusungunuka. Mawaya otsala amangidwe kuseri, asatseke njira ya mpweya kapena kukhudza fani.

Mwana wa mlongo wanga uja sanasiye kulilakalaka bokosi lake, ndipo sindinamuletse. Tinangosintha ndondomeko. Mwezi woyamba anagula power supply ya mawati 650 ya Bronze yokhala ndi lisiti, n'kuimanga m'bokosi lake lakale lachitsulo. Mwezi wotsatira anagula UPS, ndipo wamagetsi amene anabwera kudzayeza anapeza kuti soketi ya m'chipinda chake inalibe earth n'komwe, nakhoma ndodo yamkuwa panja pa zenera. Bokosi la aluminiyamu linafika pambuyo pa Khirisimasi, maukwati a Disembala atalipira. Tinasamutsa zonse Loweruka masana magetsi atathima, chitseko chili chotsegula kuti tione bwino, ndipo atabwerera cha m'ma 9 koloko usiku tinadikira mphindi zisanu tisanadinize batani. Mafani anazungulira, chithunzi chinabwera. Kasefa ka pansi amakatsuka Lamlungu lililonse akachoka ku tchalitchi, ndipo mu Seputembala kamatuluka kali kofiira.